Kapu ya a Mabatani

Ine amanditchula Sizasi, ndipo musaganize kuti n'chifukwa cha ntchito yokha ayi. Zoona ndine wodula nsalu pa shopu yosokera ya alamu anga, amuna awo a akulu anga, koma dzinali linabwera chifukwa cha pakamwa panga. Munthu akandiputa sindidikira mawa, ndimamudula pomwepo, zidutswazo akatole yekha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti si ine munthu wolira chisawawa. Koma nkhani ya kapu ya a Mabatani imandiliza mpaka lero, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala. Wolakwa ndine.

Shopu yathu ndi chipinda chimodzi chachitali. Makina osokera ali pamzere kukhoma la mawindo, tebulo langa lodulirapo lili pakati, ndipo kumapeto kuli kachipinda ka sinki, ketulo ndi misomali yokolekapo makapu. Timasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi maovolosi a anthu a m'mafakitale. Aliyense ali ndi gawo lake, n'chifukwa chake maina athu enieni anaiwalika kalekale. Alipo mayi a Makolala, alipo a Zipi, alipo a Simbi amene amasita zonse zikatha kusokedwa. Ndipo pakona, pafupi ndi chitseko, pankakhala a Mabatani.

Pashopu pathu pali lamulo limodzi limene ngakhale wobwera dzulo amalidziwa. Chovala chikapezeka ndi vuto, kaya kolala yapotoka, kaya nsalu ili ndi banga, sitilimbana n'kulankhula. Timangosokerera kaulusi kofiira pakona pake n'kuchiponya m'dengu lapambali. Ulusi wofiira tanthauzo lake ndi limodzi: ichi chisasakanikirane ndi zinzake.

A Mabatani anabwera ali ndi zaka zoposa makumi anayi, munthu wamtali, woonda, wa chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Ankalankhula motsitsa moti ndinkachita kuwakalipira kuti, "Kwezani mawu, achimwene, kuno si kumaliro!" Iwo ankangoseka. Koma ntchito yawo, ha! Batani losoka iwo, malaya ankatha kung'ambika mpaka kusanduka chokolopera, batanilo lili nji. Analinso ndi maso akuthwa. Mayi a Makolala ulusi ukawakanika kulowa pa singano ankangotambasula dzanja, a Mabatani n'kunyowetsa nsonga ya ulusiwo pamilomo, kamodzi kokha walowa.

Mwezi wachitatu chibwerereni iwo, m'mawa wina cha m'ma teni, tinangomva kukuwa kwachilendo, kenako phi! A Mabatani ali pansi pakati pa mpando ndi chitseko, thupi lauma gwa, kenako layamba kuphiriphitha, thovu likutuluka kukamwa. Abale inu, mukanaona kuthawa kwake! A Zipi, munthu wa chimimba chake, analumpha mpukutu wa nsalu ngati mwana wasukulu. Mayi a Makolala anatulukira khomo lakuseri atagwira pamphuno. Tinatsala awiri, ine ndi mayi wina, namwino, amene anabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wake.

"Ikani chofewa pansi pa mutu," anatero namwinoyo. "Musawaike kanthu m'kamwa. Akasiya kugwedezeka tiwagoneke cham'mbali."

Ndinagwada, ndinapinda nsalu n'kuika pansi pa mutu wawo, ndipo zitadutsa ndinavula mpango wanga wachikasu n'kuwapukuta pakamwa. Atatsegula maso anayamba ndi kupepesa. Taganizani, munthu wamenyetsa mutu pasimenti, mawu ake oyamba akuti pepani! Namwino uja anatembenukira anzanga amene ankasuzumira pawindo n'kuwauza mosapsatira kuti matenda a khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi thukuta, kaya ndi mpweya. Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Mawa lake a Mabatani anapuma kunyumba, ndiye shopu yonse inapeza pakamwa. Mayi a Makolala anati iwo ali ndi ana, sangamwere kapu imodzi ndi munthu wotuluka thovu. A Simbi anati tsiku lina adzagwera makasitomala. Alamu anga, amene amaopa phokoso kuposa njala, anayamba kukanda m'mutu n'kumati mwina munthuyu akapume kaye miyezi ingapo. Ndinadziwa tanthauzo la kupuma kumeneko, ndipo ndinapsa mtima.

"Alamu," ndinatero ndikumenyetsa sizasi patebulo, "mukawachotsa, inenso ndanyamuka pompano. Nsalu zanuzi muzidula ndi mano. Ndipo mukafika kunyumba mukawafotokozere akulu anga chifukwa chake."

Apo m'pamene anaopa. Tinakangana mpaka masana, ndipo pomaliza tinagwirizana chimodzi: a Mabatani akhale, koma akhale ndi kapu yawoyawo. Ine ndinadziona ngati ndapambana. Ndinapita kusitolo n'kugula kapu yachitsulo, yabuluu, ya kamzere koyera kukamwa kwake, yoti ngakhale itagwa isasweke. Ndinalumbiritsa onse kuti wotulutsa mawu adzadziwa chifukwa chake ndimatchedwa Sizasi.

A Mabatani atabwera ndinawapatsa kapuyo ngati mphatso.

"Yanga?" anafunsa, ataigwira ndi manja awiri.

"Nanga ya ndani? Munthu wogwira ntchito ngati inu azimwera m'makapu obenthuka aja? Landirani, musandichititse manyazi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira. "Zikomo, achemwali." Msomali wake anakhoma okha, pafupi ndi wa kapu yanga. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi ntchito ziwiri pashopu paja: kudula nsalu, ndi kulondera kuti a Mabatani asadziwe chimene chinabweretsa kapuyo.

Kulondera kumeneku sikunali kophweka. Tsiku lina dalaivala wobweretsa nsalu analowa kusinki kuti amwe madzi, n'kutenga kapu yabuluu. Mayi a Makolala anakuwa ngati aona njoka, "Iyo ayi! Iyo ayi!" Munthu anatsala pang'ono kuiponya pansi. Ndinalowererapo msanga. "Bambo inu, kwanu simufunsa? Kapu imeneyo ndinagulira achimwene angawa, si ya aliyense wodutsa ndi ludzu lake." Dalaivala anapepesa, a Mabatani anapitiriza kusoka osadzutsa mutu, ine ndinapumira m'mwamba. Mayi a Makolala ndinawakokera kuseri n'kuwauza mawu amene sindingawabwereze pano. Chaka china kasitomala anamva za kugwa kuja, n'kunena kuti malaya a ana ake asagwiridwe ndi bambo wapakonayo. Ndinamukulungira nsalu yake n'kumuonetsa pamene pali chitseko. Masiku otere ndinkapita kunyumba ndikuyenda monyang'wa, ndikudziona ngati munthu wabwino kuposa onse a m'tauni.

Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa. Tiyi wa teni koloko ndinkaphika ndine, makapu ndinkatsukanso ndine, chifukwa enawo akatsuka kapu mumapeza shuga wadzulo akukudikirani pansi. Ine ndi a Mabatani tinkamwera pamasitepe a khomo lakuseri, moyang'anizana ndi khoma la galaja yoyandikana nafe. Panalibe chokongola choti n'kuona pamenepo, matayala akale ndi mphaka wopanda mwini, koma iwo ankakhala ngati ali pahotela. Ankagwabe apo ndi apo, mwina kawiri pachaka, akatopa kwambiri kapena mankhwala akasowa. Anthu anazolowera kusuntha mipando, koma wogwada ndinali ine ndekha. Mayi a Makolala anagula magalasi, ndipo sanatambasulenso dzanja ndi singano.

Tsiku lina ndinawafunsa a Mabatani mwaukali wanga womwewu. "Kodi inu mumasekerera chiyani? Mkazi mulibe, mwana mulibe, mumakhala kwa alongo anu, tsiku lonse mabatani, mabatani. Moyo wake ndi umenewu?"

"Achemwali, inu mumafuna chimwemwe chachikulu ngati kabati, ndiye chimakanika kulowa pakhomo," anatero. "Changa n'chaching'ono. M'mawa mwana wina amavala malaya, batani langa limamugwira mpaka madzulo, iye osadziwa n'komwe kuti ndilipo. Ndikabwera kuno ndimapeza kapu yanga pamsomali, pafupi ndi ya munthu wolongolola. Nanga ndifunenso chiyani?"

"Wolongolola ndani?"

"Sindinatchule dzina."

Amuna anga atandisiya n'kukakhala ndi mkazi wina, onse pashopu ankandipepesa mpaka ndinatopa nawo. A Mabatani sananene kanthu. Koma masana ena ndinalephera kudzigwira, ndinakabisala kuseri kwa mipukutu ya nsalu n'kumalira. Iwo anakoka mpando wawo, anakhala chondifulatira, n'kuyamba kukhuthula mabatani a m'chitini chachikulu, kuwabweza, kuwakhuthulanso, phokoso lokhalokha, kuti wina asamve kuti Sizasi akulira. Anachita zimenezo mpaka ndinapukuta m'maso. Sitinakambepo za tsikulo.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Tsiku loyamba lija la kapu yabuluu, nditafika nayo pasinki, dzanja langa linakana. Mawu a namwino ndinkawakumbukira bwinobwino, koma thovu lija ndinkalikumbukiranso, ndipo mpango wachikasu uja ndinali nditautaya kale m'bini la panjira. Ndiye ndinati, lero lokha. Makapu timatsukira zigamba zotsala podula nsalu, choncho ndinatenga chigamba china ndi kabeseni kakang'ono, n'kutsuka kapuyo payokha ndi madzi owira a m'ketulo. Kuti chigambacho chisasokonezeke ndi chinzake, dzanja linachita zimene linazolowera, osafunsa mutu: linasokerera kaulusi kofiira pakona. Kabeseniko ndinakabisa pansi pa sinki, kuseri kwa paipi.

Lero lokha lija linakhala zaka khumi ndi chimodzi. Chigamba chikatha ndinkadula china n'kusokanso kaulusi kofiira. Ine yemweyo wokalipira mayi a Makolala kuti ndi mbuli, ine wogwada pansi pamaso pa anthu, ndikatseka kachitseko ka kusinki ndinkakhala munthu wina. Ndipo sindinkaona vuto. Ndinkati bola mwiniwake sakudziwa, palibe chikumupweteka.

Chaka chathachi, ndikudula nsalu yokhuthala ya maovolosi, sizasi inaterereka n'kundicheka chikhatho chamanzere. Kuchipatala anandisoka, anandimanga bandeji, n'kundiuza kuti dzanjalo lisakhudze madzi sabata yathunthu. Mawa lake tiyi anaphika a Zipi, madzi ofiirira chabe oyenera kutsukira mapazi, ndipo titamaliza kumwa alamu anandiitana kuti tikambirane za oda ya sukulu ina. Tili mkati mokangana ndinamva mpopi ukutulutsa madzi. Ndinayang'ana pakona, mpando wa a Mabatani uli wokha. 

Ndinathamanga, koma ndinachedwa. Anali atasonkhanitsa makapu onse kuti andithandize. Sopo anali atatha pamwamba, ndiye anawerama kuti afune wina pansi pa sinki. Ndinawapeza atanyonyomala, kabeseni kali pamaondo, chigamba chili m'manja, akuyang'ana kaulusi kofiira kaja pafupi ndi maso, monga mmene ankayang'anira ntchito.

"Kasokedwe aka ndi kanu, achemwali," anatero motsitsa. "Muno ndinu nokha amene mumamanga mfundo kawiri."

Kenako anandiyang'ana.

"N'cha kapu yanga, eti?"

Ndikanatha kunama kuti n'chopukutira mafuta a makina. Bodza linalipo, linafika mpaka palilime, koma maso awo anandiletsa. Ndinangoima ndi bandeji langa ngati chitsiru.

Anadzuka, anathira madzi m'kabeseni kaja, anatsuka kapu yabuluu ndi chigamba chake, mosamala, mkati ndi kunja, n'kuikoleka pamsomali. Kabeseni anakabweza kuseri kwa paipi, pomwe anakapeza. Kenako analoza makapu ena aja.

"Awa ndawagwira kale ndisanadziwe. Pepani. Muuze wina awatsukenso."

Anabwerera pampando wawo, ndipo ndinamva chitini cha mabatani chikutseguka.

Masiku otsatira ankabwera nthawi yake, ankapereka moni kwa aliyense, ankasoka. Koma teni koloko ikakwana ankangoti, "Ine zikomo, tiyi wayamba kundisokoneza m'mimba." Kapu yabuluu inkakhala pamsomali, youma. Ine ndinalusira aliyense. A Simbi ndinawazazira chifukwa cha kolala imene inali yosita bwinobwino. Kasitomala wina ndinamuuza kuti yolakwika ndi mimba yake, osati buluku. Kunyumba mwana wanga wamkazi anafunsa ngati dzanja likupweteka kwambiri, ndinati ee.

Tsiku lachinayi ndinati basi, zithe lero. Ndinatenga kapu yabuluu, ndinathiramo tiyi, ndinakaima pakati pa shopu.

"Imitsani makina! Nonse muone!"

Makina anaima. Mayi a Makolala anatsitsa magalasi. A Mabatani anadzutsa mutu, singano ili m'manja. Kukamwa kwa kapu ija kunali malo amene utoto unasuluka, pamene milomo yawo inkafika zaka zonsezi. Ndinapaona. Ndipo ndikuikweza, dzanja langa, dzanja lomwe lija losafunsa mutu, linaizunguliza pang'ono. Ndinamwera pafupi ndi chogwirira, pamene sipamwera munthu. Nditatsitsa kapu ndinapeza ndadzipukuta kale pakamwa ndi bandeji.

Enawo sanaone kanthu, a Zipi anafika poomba m'manja. Koma munthu wolowetsa ulusi pa singano kamodzi kokha sangaphonye zotere.

"Mwamwera pachogwirira, achemwali," anatero, akumwetulira pang'ono. "Mupsa tsaya."

Masana ake ndinawapeza pamasitepe athu aja, atakhala opanda kanthu m'manja. Ndinakhala pambali pawo.

"Achimwene, za kapu ija..."

"Za kapu ndinadziwa tsiku lomwe munandipatsa."

Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ndinayamba kugwa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anapitiriza. "Kusukulu ndinali ndi kapu yanga. Kwa amalume ndinali ndi mbale yanga ndi supuni yanga. Mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira, amayi ake anaswa tambula imene ndinamwera, ndikumva ndili pakhomo pomwepo. Munthu ngati ine akangogwa n'kupatsidwa kapu, safunsa kuti ndi ya chiyani. Koma inu munanama bwino, munanama ndi mtima wonse, ndiye ndinati ndikuthandizeni kunamako. Tsiku la dalaivala lija ndinachita kudziluma kuti ndisaseke. Sinali kapu imene inkandisangalatsa."

"Nanga chinali chiyani?"

"Munagwada. Munandipukuta pakamwa ndi mpango wanu wachikasu. Ndiye tikamaliza tiyi, ndikamva mpopi kumapeto kuja, ndinkati pa dziko lonseli ilipo sinki imodzi imene kapu yanga ikusamba madzi amodzi ndi zinzake. Zinali zokwanira. Munandifunsa chimene ndimasekerera, chinali chimenecho."

Apa munthu wanzeru akanagwada kachiwiri. Akanalira, akanapepesa, kapena akanangokhala chete. Koma ine ndine Sizasi, manyazi akandigwira amatulukira m'ukali.

"Ndiye mukufuna kunena kuti ine ndi mayi a Makolala ndife amodzi? Ndani anakumenyerani nkhondo kuti musachotsedwe? Ndani amagwada mukagwa, enawo akuthawa? Zaka zonsezi zifafanizike chifukwa cha chigamba? Chigamba, achimwene!"

"Zoona," anatero. "Munandichitira zambiri, ndipo ndikuthokoza. Sindikukuimbani mlandu. Mayi a Makolala amandiopa poyera, ndiye ndimadziwa polekezera. Kungoti kwa inu ndinatsamira ndi thupi lonse."

Anadzuka, anasansa kumbuyo kwa buluku, n'kulowa.

Anamaliza oda ya sukulu ija yonse, batani lililonse, ndipo mwezi utatha anatsanzika. Anauza alamu kuti alongo awo akhala akuwapempha kuti azisokera kunyumba. Anagwirana chanza ndi amene anatambasula dzanja, enawo anangowaweramira. Kapu anaisiya pamsomali. Mayi a Makolala anati, "Nanga tiitaye?" Ndinawayang'ana kamodzi, sanafunsenso. Mabatani tinayamba kusoka ndi makina, ndipo makolo anayamba kubwera nawo m'manja atathothoka.

Akulu anga anayesa kunditonthoza. "Iwe unachita mbali yako," anatero. "Kwina akanamuthamangitsa tsiku lomwelo." Mawu amenewo ndi amene ndinkadziuza ndekha zaka zonse, ndipo kuwamva m'kamwa mwa munthu wina kunandinyansa. Ndinkaganiza kuti tsankho limakhala mwa anthu okuwa, othawira pawindo. Langa linali lachete, laukhondo, lonunkhira sopo, n'chifukwa chake sindinalizindikire. Teni koloko ndinkakhala ndekha pamasitepe paja, ndikuyang'ana matayala, mphaka akundiyang'ananso. M'pamene ndinadziwa kuti inenso ndinali wosangalala pamenepo. Zaka zonse ndinkadandaula kuti moyo sunandipatse kanthu, pamene tsiku lililonse ndinkakhala mphindi khumi ndi munthu amene ankandikhulupirira kuposa mmene ndinkayenerera.

Zinanditengera miyezi inayi kuti ndipite kukawaona a Mabatani. Kabeseni ndinakataya, chigamba ndinachitentha, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamwera tiyi m'kapu yabuluu, pamalo osuluka paja penipeni, mpaka dzanja linasiya kuzunguliza. Ndinkati ndikapita ndikawaonetse. M'basi ndinkakonza mawu, kuwamasula, kuwakonzanso.

Nyumba ya alongo awo ili kumapeto kwa kamsewu kafumbi, ya zipinda ziwiri, khonde lake lokolopa mpaka kuwala. Ndinawapeza pakhondepo, jekete la munthu wina lili pamiyendo, chitini cha mabatani pambali. Anali ataonda. Atandiona anadzuka msangamsanga mpaka mabatani anamwazika.

"Achemwali! Mwasochera?"

"Ndabwera kudzaona ngati munayamba kulankhula mokweza."

Anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja, ndipo mtima wanga unati mwina zitheka. Tinatolera mabatani limodzi. Anafunsa za dzanja, za mwana wanga, za a Zipi ngati anaphunzira kuphika tiyi. Alongo awo, mayi wachete wa imvi, anabweretsa ketulo ndi makapu, n'kuyamba kuthira.

"Dikirani kaye, alongo," anatero a Mabatani.

Analowa m'nyumba, ndinamva akukoka mpando, ndipo anatuluka ndi kabokosi kafumbi pamwamba. Alongo awo ndi amene anakatsegula. Munali kapu yoyera, yadothi, ya maluwa ang'onoang'ono, kapepala ka kusitolo kakadali komata pansi pake.

"Anaigula sabata yomwe anasiya ntchito," anatero alongo awo. "Imakhala pamwamba pa kabati. Amati mwina mudzabwera."

"Makapu a m'nyumba muno ndimamwera onse, alongo angawa sasankha," anatero a Mabatani. "Koma iyi palibe wamwerapo. Musaope."

Munalibe mwano m'mawu awo, abale, ndikulumbira. Akanakhala kuti akundibwezera, ndikanadziwa chochita, ndewu ndimaidziwa. Koma ankandisamala. Munthu amene ndinamuika ulusi wofiira anakhala miyezi inayi akuganiza mmene angandimwetsere tiyi popanda kundichititsa mantha.

"Sindikuifuna," ndinatero, misozi ikutsika. "Ndipatseni yanuyo. Ndinasintha, achimwene, ndimamwera yabuluu ija tsiku ndi tsiku. Pepani, ndinalakwa. Ndipatseni muone."

Ndinatambasula dzanja. Iwo anasuntha kapu yawo pang'onopang'ono n'kuiika mbali ina ya mpando.

"Ndikukukhulupirirani," anatero. "Koma ndikakupatsani ndiyamba kuyang'ana dzanja lanu, ndipo sindifuna kukuyang'anani choncho. Imwani mwamtendere, achemwali. Alongo, masupuni awiri ndi theka a shuga, amakonda choncho."

Ndinamwa. Tiyi anali wabwino. Tinacheza mpaka dzuwa linachoka pakhonde, za mabatani a makina amene amathothoka, za mphaka uja wa kugalaja. Nditatsanzika anapempha alongo awo kuti atsuke okha kapu yoyera n'kuibweza m'bokosi.

Ndimapitako mwezi uliwonse tsopano. Amandilandira ndi manja awiri, amandiseka, amandisokerera mabatani a juzi ndisanapemphe. Ndipo ketulo ikangowira amadzuka, amakoka mpando, n'kutsitsa kabokosi kaja pamwamba pa kabati.